Chaka Chimene Ndinapakiza Masamu

Atate anali ndi chingwe chawo chodzalira nsawa. Chinali cha nayiloni, chobiriwira, ndipo anamangiriramo tizitsekerero ta mabotolo motalikirana mofanana kuti phando lililonse lizigwa pamalo pake. Munda wathu ku Vubwi unali waukulu ndithu, koma iwo sankaponya njere pansi chingwe chisanakokedwe. Anansi akamaliza kudzala n'kuyamba kuganiza za thonje, ife tinali tidakali pakati pa munda, atate akuzula zikhomo n'kumazikhomanso. Amayi zinkawatopetsa.

"Zengerezu adalinda kwawukwawu, inu atate ake," ankatero.

"Fulumira adadya gaga," atate ankayankha osatembenuka n'komwe. Mkangano umenewu unkabwera ndi mvula yoyamba chaka chilichonse, ndipo palibe amene anapambanapo.

Ine ndinatengera amayi. Ndinali mwana wamkazi woyamba m'nyumbamo, waliwiro m'manja ndi m'mutu momwe. Mzere wanga ndinkaumaliza ena onse ali pakati, kenaka n'kukhala pachulu kumawaseka. Chinsinsi changa chinkaululika pakatha sabata ndi theka, nsawa zikamera. Mizere yanga inkadziwikira patali, ili ngati m'kamwa mwa mwana amene akuguluka mano. Atate ankangonditambasulira kambale ka mbewu n'kunena mawu amodzi: "Kapakize."

Ntchito imeneyi ndinkadana nayo kuposa kupalira. Popakiza umayenda wekha m'munda womera kale, maso pansi, kufunafuna phando lopanda kanthu kuti uponyemo njere. Aliyense wodutsa m'njira amadziwa kuti pali chimene chinalakwika, ndipo kwathu anthu sadutsa osafunsa.

Kusukulu liwiro lomweli linkanditamanditsa. Pa masamu ndinkaona yankho ndisanamalize kuwerenga funso. Ku sekondale ku Katete aphunzitsi ankalemba m'mphepete mwa kope langa kuti ndizisonyeza njira imene ndadutsa, koma yankho likakhala lolondola dzanja lawo linkafewa. Ndinazolowera kulemba mizere iwiri pamene anzanga alemba tsamba lonse, ndipo ndinkatuluka m'chipinda cha mayeso woyamba, ndikukoka mpando mwaphokoso kuti onse amve.

Ndinkafuna udokotala. Njira yake inali yakuti uyambe waphunzira sayansi zaka ziwiri kukoleji, kenaka upemphe malo kusukulu ya udokotala. Ndinapita ku Lusaka ndi sutikesi yobwereka kwa azakhali. Sabata yoyamba anatipatsa kamayeso ka masamu kongofuna kuona pamene tili. Patatha masiku awiri anandiitana ku ofesi ya aphunzitsi aakulu a masamu, bambo wachikulire wa choko mpaka m'nsidze. Ndinagwada pakhomo monga anandiphunzitsira amayi, ndipo nditangopereka moni iwo anavula magalasi.

"Lilime limeneli si la muno. Ndiwe wa kuti, mwana iwe?"

"Ku Vubwi, aphunzitsi."

"Ndinadziwa! Kwathu ndi ku Sinda ine. Khala pampando, wakwathu."

Anandionetsa pepala langa. Anati kundisunga m'kalasi la masamu a chaka choyamba kunali kunditayitsa nthawi, ndipo kuyambira Lolemba ndikalowe ndi a chaka chachiwiri, amene ankaphunzira kalikyulasi. "Zamapepala usade nazo nkhawa, ndikonza ine," anatero.

Sindinafunsenso. Mwana wa mumzinda akanati, ndipatseni kalata ndisunge. Koma kwathu munthu wamkulu akakuuza kuti ndikonza, iwe n'kumupempha kuti alembe, ndiye kuti wamutchula wabodza. Ndinawomba m'manja, ndinathokoza, ndinatuluka mapazi osagunda pansi.

Madzulo ake ndinaimba foni kumudzi. Amayi analuluta mpaka ndinachotsa foni kukhutu. Atate atailandira anafunsa kuti, "Nanga zimene anzakowo aphunzire chaka chino, iwe udzaziphunzira liti?"

Ndinaseka. Ndinawauza kuti zinthu za kukoleji sizili ngati za kumunda, ndipo zimenezo ndinkazidziwa kale. Iwo sukulu analekera giredi folo, ndiye mumtima ndinati, achingwe ayamba. Anangoti, "Chabwino, mayi," n'kubwezera foni kwa amayi.

Zaka ziwirizo ndinazikonda, ndisaname. Kalikyulasi ndi masamu oyeza mmene chinthu chikusinthira pamene chikusintha: madzi akutsika m'thanki, mwala ukugwa, mankhwala akuchepa m'magazi. Ndinkawamva kukoma ngati nzimbe. Ndinakhoza bwino kwambiri a chaka chachiwiri, ndinalowanso a chaka chachitatu n'kuwakhoza chimodzimodzi. Anzanga a chaka choyamba ndikawapeza akulimbana ndi buku lawo lalikulu lachikuto chofiira ndinkawamvera chisoni chabodza. Bukulo sindinalitsegulepo ngakhale tsiku limodzi.

Nditamaliza, ndinapempha malo kusukulu ya udokotala, ndipo mu Novembala anandiitana kuti ndibweretse mapepala anga onse. Pawindo la ofesi panali mayi wina wonenepa bwino, wa rula yachitsulo. Anaika mndandanda wa zofunika kumanzere, pepala la zotsatira zanga kumanja, n'kumatsitsa rula mzere ndi mzere. Kemisitiri, chonga. Fizikisi, chonga. Bayoloje, chonga. Rula inaima, ndipo anafunsa m'Chinyanja cha ku Lusaka.

"Masamu ya chaka choyamba ili kuti?"

"Ndinadumpha, mayi. Taonani m'munsimu, ndili ndi a chaka chachiwiri ndi achitatu."

"Mami, ine niona chabe vamene vili pa pepala. Apa palibe. Olo munkale na masamu ya ku mwezi, ine nifuna iyi."

Ndinafotokoza, ndinakweza mawu, ndinatchula magiredi anga onse. Mayiyo anandimvetsera mpaka ndinatopa, kenaka anandiuza mofatsa mmene zinthu zinalili. Malo anga analipo, koma akanandisungira mpaka sukulu itatsegulidwa mu Febuluwale basi. Pofika tsiku limenelo ndinayenera kubweretsa chimodzi mwa ziwiri: umboni wolembedwa wakuti masamuwo ndinkawadziwa ndipo anandilola kudumpha, kapena zotsatira za mayeso ake. Ndikalephera, malowo akanapita kwa wotsatira pamndandanda.

Ndinathamangira kukoleji kwathu. Anafufuza m'mafayilo osapeza kalikonse kosonyeza kuti anandilola. Aphunzitsi anga aja anali atapuma ntchito n'kubwerera kwawo. Amene anatenga malo awo anati sangasaine za chinthu chimene sanachione, koma ndikabwera ndi kalata ya mkuluyo aganizirapo. Anandiuzanso kuti mu Januwale kumakhala mayeso obwereza a ophunzira amene analephera masamu a chaka choyamba, ndipo ndikafuna angandilembe dzina. Ndinawayang'ana ngati anditukwana. Ine, kukakhala pamodzi ndi olephera? M'mawa mwake ndinakwera basi ya ku Sinda kukatenga kalata yanga.

Kuwapeza sikunavute. Nditangofunsa pasiteji za aphunzitsi ochokera ku Lusaka, mayi wogulitsa nthochi anati ndi aja amayenga mafuta a mpendadzuwa, nandilozera njira. Ndinawapeza m'kashedi kuseri kwa nyumba, atavala ovolosi, akuthira njere m'makina. Akazi awo anandilandira m'Chinsenga, ine ndikuyankha m'Chichewa, ndipo tinamvana bwinobwino. Aphunzitsiwo atamva nkhani yanga anakhala pansi pathumba n'kugwira mutu.

"Mwana wanga, ndakulakwira. Fomu yokulola kudumpha ndinaitenga, ndikukumbukira. Ndinaiika m'dilowa kuti ndilembe mawa."

Ndinakwiya kwambiri, ndipo chinandiwawa n'chakuti sindikanatha kuwakalipira. Ndinangoti, "Ndiye mungolemba lero, aphunzitsi."

"Ndilemba. Koma kalatayo inena kuti masamu onse a chaka choyamba ukuwadziwa. Ndiyambe ndaona ngati ndi zoona."

Analowa m'nyumba, nabwera ndi pepala lakale la mayeso, lofiirira m'mphepete. Anapukuta tebulo la m'kashedi ndi chiguduli, anandipatsa cholembera, naika wotchi yawo patsogolo panga. Ndinati mumtima, izi ndimaliza madzi a tiyi asanawire.

Mafunso asanu ndi limodzi oyamba ndinawadutsa ngati njinga yotsetsereka. Anayi otsalawo anandiimitsa chilili. Anali a masamu a mwayi ndi a ziwerengero, akuti pa anthu akutiakuti oyezedwa matenda, amene chipangizo chingawanamize ndi angati. Panali zizindikiro zimene ndinali ndisanazionepo chibadwire. Ndinatembenuza pepala, ndinalitembenuzanso, makina akulira pambali. Kalikyulasi yanga yonse ija inangokhala phee.

Anachonga pomwepo ndi bolopeni yofiira. Pa anayi aja panalibe chochonga. Pa asanu ndi limodzi aja anandipatsa theka lokhalokha.

"Koma mayankho ndi olondola!" ndinatero.

"Asanu ndi olondola. Limodzi ndi lolakwa, ndipo sindingakuuze pamene unasochera chifukwa sunalembe pamene unadutsa. Ukadzalemba mlingo wa mankhwala a mwana motere, nesi adzakugwira bwanji dzanja ukaphonya?" Anatseka bolopeni. "Kalata sindilemba. Ndinakulakwira kamodzi pokudumphitsa. Ndikasaina kuti zonsezi ukuzidziwa, ndikhala ndakulakwira kawiri."

Ndinanyamuka osatsazika bwino. Ndi chinthu chimene ndimachita nacho manyazi mpaka lero. Ndili pafupi kufika pamsewu ndinamva mapazi kumbuyo. Anali akazi awo, akupuma movutika, atanyamula jumbo. Anandipanikizira jumbolo m'manja n'kubwerera. M'minibasi ndinasuzumiramo. Munali botolo la mafuta, ndiponso buku lalikulu lachikuto chofiira.

Pa Katete ndinatsika kuti ndisinthe galimoto. Ndinakhala pabenchi la sitolo ina pafupifupi ola lathunthu, jumbo lili pamiyendo, ndikuyang'ana mabasi a ku Lusaka ndi a ku Chipata akulimbirana anthu. Ndinalira pang'ono, koma njala inandisokoneza, ndinagula chimanga chootcha. Nditamaliza kudya ndinaimbira foni kukoleji kuti andilembe dzina pa mayeso a olephera aja. Kenaka ndinalowa m'sitolomo n'kugula makope asanu.

Ndinafika kumudzi tsiku lotsatira, mvula yoyamba itagwa dzulo lake, nthaka ikununkhira. Panjira yonse ndinkakonzekera mawu a atate akuti, paja ndinafunsa. Sanawanene. Anamvetsera ali kumangirira katsekerero kamene kanathothoka pachingwe, kenaka anafunsa kuti kwatsala masabata angati. Ndinati asanu ndi awiri.

"Ndi okwanira," anatero. "M'mawa kumunda, masana buku."

Amayi ndiwo anakwiya m'malo mwanga. Anawanena aphunzitsi aja masiku atatu, koma mafuta awo anaphikira ndiwo mpaka Khirisimasi, akuti mafutawo sanalakwe.

M'mudzi nkhani inafika ine ndisanavule nsapato. Chaka chijachi amayi anali atalengeza paliponse kuti mwana wawo anadumpha kalasi, ndiye tsopano anthu anabweza ngongole ya makutu awo. Kumjigo azimayi ankandipatsa moni wa ulemu wopitirira. "Adokotala, mwabwera kudzatiyeza kapena kudzadzala nsawa?" Wina amene amagulitsa zitenje za ku Mozambiki anandiuza mondikomera mtima kuti sukulu ikakanika ndizimuperekeza kumalire, poti masamu ndimawatha. Ndinkaseka nawo, koma ndikasenza ndowa nkhope inkatentha mpaka kunyumba.

Masana ndinkakhala pansi pa mtengo wa mango, buku lofiira pamphasa, kope pabondo. Bukulo linali lolembedwalembedwa m'mphepete ndi dzanja la aphunzitsi, ndipo mutu uliwonse unkayamba ndi zitsanzo zoyankhidwa kale. Masiku oyamba ndinkachita mwachizolowezi changa: kuwerenga, kuona yankho, kulemba, kupita kutsogolo. Tsiku lachitatu atate anabwera n'kukhala pachitsa pafupi nane, akusenda nsawa zambewu. Anayang'ana m'buku, anayang'ana m'kope, anayang'ananso m'buku.

"Funso ili ndi lofanana ndi ili?"

"Ndi amtundu umodzi, atate."

Anapukuta chala pa thalauza n'kuyamba kuwerenga mizere ya chitsanzo cha m'buku, akugunda umodzi umodzi. Kenaka anawerenga yanga.

"Mwini buku walemba mizere isanu ndi iwiri. Iwe walemba iwiri. Isanu inayo yapita kuti?"

"Ili m'mutu."

"Ochonga adzatsegula mutu wakowo?"

Ndinafuna kuwauza kuti sakudziwa ngakhale chizindikiro chimodzi patsambalo. Zinali zoona, koma nawonso sananene kuti akudziwa. Iwo ankaona pamene palibe kanthu, ndipo pa ntchito imeneyo ku Vubwi konse kunalibe wowaposa. Ndinang'amba tsamba la m'kope langa n'kuyambiranso.

Kuyambira tsiku limenelo anadzipatsa udindo. Dzuwa likapendeka ankabwera ndi kachitsa kawo, ine n'kupereka kope ngati mwana wa giredi yoyamba. Ankayerekeza funso lililonse ndi chitsanzo chake. Mizere ikachepa ankangobweza kope. Tsiku lina ndinayesa kuwapusitsa, ndinalemba mzere umodzi kawiri kuti ichuluke. Anayang'anitsitsa nthawi yaitali, kenaka anati, "Iyi iwiriyi ndi mapasa." Amayi, amene ankapeta pakhonde, anaseka mpaka lichero linagwa.

Kulemba chilichonse kunkandipweteka ngati kuyenda kumbuyo kwa ngolo. Koma m'sabata yachitatu kunachitika kanthu kamene kanandikhazika pansi. Linali funso longa lija la ku Sinda, la chipangizo choyezera matenda. Ndinaliona yankho m'mutu msangamsanga, ndipo ndinali wotsimikiza moti ndikanalumbira. Chifukwa choopa chala cha atate ndinayamba kulemba mzere ndi mzere. Pofika mzere wachinayi manambala anakhotera kwina, ndipo yankho limene linatuluka pansi linali losiyana kutalitali ndi la m'mutu mwanga. Ndinatsegula kumapeto kwa buku. Pepala ndilo linalondola. Mutu wanga ukanauza munthu wabwinobwino kuti akudwala.

Ndinatseka bukulo, nkhuku zikupalasa pafupi ndi mphasa. Ndinaganiza za aphunzitsi aja m'ovolosi yawo, ndipo mkwiyo umene ndinabwera nawo kuchokera ku Sinda unandithera tsiku limenelo.

Kumunda nako zinthu zinasintha, koma kumeneko wopambana anali amayi. Ndinkadzala motsata chingwe, katsekerero kalikonse njere yake, koma manja anga anali aliwiro lomwe lija. Ndinawauzanso atate kuti tidule chingwe china kuti ine ndizikoka changa, m'malo moti tonse tizidikira chimodzi. Anakana masiku awiri, akuti zingwe ziwiri sizingafanane, mpaka anaziyeza okha pambalipambali. Chaka chimenecho tinamaliza kudzala nsawa anansi asanamalize, koyamba chikwatiranireni makolo anga. Amayi anayenda m'malire mwa munda manja kumbuyo, akupereka moni kwa aliyense amene anali adakawerama.

Nsawa zitamera panali mipata ingapo, ya mbewa ndi ya njere zowola. Ndinaona atate akutenga kambale ka mbewu kaja, ndipo ndinaimirira mwachizolowezi kuti ndilandire. Anandibweza ndi dzanja.

"Iwe uli ndi munda wako wopakiza. Uno ndi wanga."

Ndinawayang'ana akuyenda okha m'mizere, maso pansi, munthu wamkulu wa imvi, anthu odutsa m'njira akuwafunsa mafunso. Lamlungu lake ndinamva akuyankha mkulu wina kutchalitchi amene anafunsa ngati sukulu yandikanika. Anati, "Ayi, mwana akupakiza. Phando limodzi linatsala." Mkuluyo anagwedeza mutu momvetsa, chifukwa palibe mlimi amene sanapakizepo.

Chaka chatsopano chitangolowa ndinalongedza makope anga, amene tsopano anali asanu ndi atatu, n'kuyamba ulendo wa ku Lusaka. Ndinatsikira pa Sinda. Ndinagwada pakhomo la kashedi kaja n'kupepesa chifukwa cha mmene ndinachokera. Aphunzitsi anati wopepesa ndi iwo, ine ndinati ndine, mpaka akazi awo anatiuza kuti tikamaliza kulimbirana mlandu tibwere tidye maungu. Anatsegula makope aja limodzi limodzi, akunyowetsa chala.

"Wakuphunzitsa kulemba chonchi ndani?"

"Atate."

"Anaphunzira kuti masamu?"

"Sanaphunzire. Amawerenga mizere."

Anaseka mpaka kutsokomola, kenaka anati akanakhala nawo kukoleji zaka zonse zija, bwenzi ntchito itapepuka. Anandisunga masiku atatu, akundidutsitsa m'mitu iwiri imene inkandizunguzabe. Tsiku lonyamuka anandiperekeza okha mpaka pamsewu.

M'chipinda cha mayeso ndinapezamo nkhope zodziwika. Mtsikana wina amene ndinkamuderera m'laibulale anatong'ola maso. "Iwe? Ufuna chani muno?" Ndinamuuza kuti ndabwera kudzalemba ngati iye, ndipo ndinadabwa kuti mawuwo anatuluka mosavuta. Tinabwerekana rula.

Ndinalemba mzere uliwonse. Pamene mutu unkathamangira kutsogolo ndinkaubweza, ndikumva chala cha atate chikugunda patsamba. Anthu anayamba kutuluka mmodzimmodzi, mipando ikulira. Woyang'anira atanena kuti nthawi yatha ndinali ndidakali pa funso lomaliza, ndipo pepala anachita kundilanda. M'chipindamo tinatsala atatu. Kanali koyamba m'moyo wanga kutuluka m'mayeso womaliza.

Zotsatira zinachedwa. Ndinkagona kwa mnzanga wina, ndipo m'mawa uliwonse ndinkapita kukoleji kukayang'ana pabolodi. Masiku ankatha, Febuluwale akuyandikira, ine chakudya chosalowa. Zinatuluka kutatsala masiku anayi kuti sukulu ya udokotala itsegulidwe. Ndinapeza B. Pa masamu onse amene ndinalembapo chiyambire, imeneyi ndiyo giredi yotsika kwambiri, chifukwa funso lomaliza lija ndinalisiya pakati. Ndinaima pabolodipo ndikumwetulira ndekha ngati wopenga.

Anandisindikizira pepala latsopano la zotsatira, ndipo ndinapita nalo pawindo lija ndikuthamanga. Mayi wa rula anali pomwepo. Anatsitsa rula yake, kemisitiri, fizikisi, bayoloje, ndipo ulendo uno sinaime.

"Ehe, manje yaoneka," anatero, n'kuchonga. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. "Mwaonda, mami. Muzidya."

Papita zaka tsopano. Ndimagwira ntchito pachipatala china konkuno kwathu kum'mawa, ndipo manesi amandiseka kuti ndikamalemba mlingo wa mankhwala a ana ndimachita ngati ndikulemba kalata ya chibwenzi: kulemera kwa mwana, kuchulukitsa, kugawa, zonse poyera. Ndimawasiya aseke. Kawiri konse nesi wandibwezerapo pepala ataloza mzere umene ndinaphonya, ndipo kawiri konseko ndinamuthokoza ndi mtima wonse. Liwiro ndidakali nalo, ndipo kuchipinda cha odwala mwadzidzidzi limandithandiza. Amayi amati limenelo ndi lawo, ndipo sindiwatsutsa.

Koma chimene ndimakumbukira kwambiri ndi tchuthi changa choyamba, mu Epulo wa chaka chomwecho. Ndinapeza atate kumunda akukumba nsawa, mitsitsi itayang'ana kumwamba m'mizere yowongoka. Ndinali nditatenga mapepala onse awiri, lakale ndi latsopano. Anasamba m'manja ndi madzi a m'chigubu, anapukuta pamalaya, natenga lakalelo poyamba.

"Ndionetse pamene panalibe."

Ndinawalozera pakati pa fizikisi ndi masamu a chaka chachiwiri. Anaika chala pamenepo, kenaka anatenga pepala latsopano n'kutsitsa chala chomwecho pang'onopang'ono, akuwerenga mizere, mpaka chinafika pamalo omwewo. Giredi sanafunse. Anayang'ana kamzereko nthawi yaitali, milomo ikugwedera pang'ono, ine nditaima pambali ngati kamwana kodikira kambale.

"Pamera," anatero.

Anandibwezera mapepala, nandiuza kuti ndiwaike patali ndi dothi. Kenaka anatola khasu lina limene linali pansi pa mtengo n'kundipatsa, ndipo tinakumba limodzi mzere umenewo mpaka kumapeto.